Achimwene ndi Ufa wa Masamba a Tiyi

Achimwene anga anali munthu wa njinga. Chibwerereni kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ntchito yawo inali imodzimodzi: kupita kunyanja ya Amaramba kukagula nsomba zouma, kuzimangirira m'dengu kumbuyo kwa njinga, kubwera nazo kumsika wa kuno ku Mandimba, zotsala n'kukazitsirizira m'midzi ya ku Ngauma, kumene kuli kwathu kwenikweni. Ine ndimagulitsa tiyi, mandasi ndi buledi amene kuno timati pau pakhonde la nyumba yanga, m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Mwa ana onse a mayi athu tinapulumuka awiri okha. Makolo tinawasiya m'manda kutsidya ku Malawiko, choncho achimwenewo ndi amene anandilera, ndipo mwamuna wanga atamwalira ndi iwo amene anandigulira ketulo yanga yoyamba.

Tiyi anamudziwira kothawa nkhondoko. Ali mnyamata ankagwira maganyu othyola masamba m'minda ikuluikulu ya kumapiri, dengu kumsana, mvula ikuwanyowetsa, ndipo zimene ankapeza kumeneko ndi zimene tinkadya. Ndiye pakamwa pawo tiyi sanali chakumwa wamba. Ankati, "Chomera ichi chinatilera, chemwali. Usamachinyoze." Akamachokera kunyanja ankatsamiritsa njinga pamtengo wa mango wa pakhomo panga, n'kutenga kapu yawo yachitsulo imene inkakhala pamsomali wakewake, n'kudzithirira okha. Shuga ankathira mpaka pansi pa kapu kutsala phala. Ndikadandaula ankangoseka, amvekere, "Miyendo iyi siyendera madzi."

Matenda anayamba ndi ludzu. Munthu amene kale ankapalasa kuchokera kunyanja osamwa kanthu anayamba kuima pachitsime chilichonse. Thupi linayamba kusungunuka, thalauza n'kumalimanga ndi mphira ya chubu. Alamu anga, mayi wa Chiyao wa m'mbali mwa nyanja amene achimwene anakumana nawo pa maulendo a nsomba omwewo, ndi amene anaona chizindikiro china. Tsiku lina tikusenda chinangwa anandinong'oneza.

"Alamu, kuseri kwa nyumba kumene achimwene anu amataya madzi kukuunjikana nyerere."

Tinawakokera kuchipatala ngati mbuzi yokana chingwe. Anawabaya pachala, ndipo namwino ataona zimene kamakina kanaonetsa anawafunsa ngati afika okha wapansi. Anati ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi akuluakulu oyera, n'kuwauza kuti shuga mu tiyi amuiwale.

Shuga anasiyadi, ngakhale mokwinya nkhope. Chimene chinawavuta chinali mapiritsi aja. Ankawatsegula m'mimba, ndipo munthu wonyamula nsomba sangamaimike njinga patchire lililonse. Agalu ndi akuba sachedwa kumva fungo la dengu. Tsiku lina anadziipitsira panjira, pafupi ndi mudzi wina umene ankagulitsako, akazi ali pamjigo. Sanandiuze okha. Ndinamva kwa alamu. Namwino anali atanena kuti m'mimba mumazolowera pakapita nthawi, ndipo zikapitirira abwererenso awasinthire kamwedwe, koma achimwene anali munthu wamanyazi pa zinthu zotere. Sanabwerere.

M'nyengo yomweyo pamsika panafika munthu wina wa chimkuzamawu. Anayala nsalu pansi, pamwamba pake timapepala tapulasitiki ta ufa wofiirira, tojambulidwa tsamba lobiriwira. Ankasinthasintha zilankhulo ngati wailesi, pano Chipwitikizi, pano Chimakuwa, pano Chinyanja, n'kumaonetsa anthu zolembedwa pafoni yake. Ankati akatswiri a kunja apeza kuti m'masamba a tiyi wakuda muli chinthu chotchedwa polisakaridu, chimene chimagwira shuga asanalowe m'magazi, ndipo ufa wakewo ndi chinthucho chokhachokha, chosefedwa bwino. Achimwene anaima pamenepo nthawi yaitali, nsomba zawo zili padzuwa. Atafika pakhonde panga maso awo anali kuwala momwe ndinali ndisanawaonere chiyambire matenda.

"Wamva, chemwali? Mankhwala anga anali m'manja mwanga kuyambira kale. Masamba amenewa ine ndawathyola ndi zala izi. Ndikuwadziwa."

"Nanga mapiritsi aja?"

"Aja ndi a anthu okhala pampando."

Mawu achilendo aja anawaloweza, n'kumawatchula pang'onopang'ono ngati dzina la mlendo wolemekezeka. Ufa ankathira m'kapu m'mawa, masana ndi madzulo. Kuwonjezera apo anayamba kuwiritsa masamba ochuluka m'kampoto kawo mpaka madzi kuda bii ngati oyilo wotha ntchito, n'kuthira m'botolo, n'kumamwa panjira. Poyamba zinaoneka ngati zikugwira. Ankadzuka ndi mphamvu, tulo sankatifuna, maulendo akunyanja anachuluka. Kulikonse kumene ankatsitsa dengu ankalalikira za ufawo, ndipo popeza anali munthu wodziwika kuti sanama pa malonda, anthu ankawamvera.

Kenako anabwera ndi ganizo limene linatidanitsa. Linali Loweruka, makasitomala atachepa. Anaika timapepala tingapo pathebulo langa, pakati pa mbale ya shuga ndi beseni la mandasi.

"Uzithira mu tiyi wogulitsayu. Ndi mu ufa wa mandasi womwe. Wogulitsa uja akuti kunja amasakaniza m'zakudya. Anthu azidya uku akuchira. Pamsewu wonse uno ukhala wekha wa tiyi wamankhwala."

Ndinang'amba kapepala kamodzi n'kunyambita. Unali wowawa, kenako woterera palilime, ndipo pomaliza ndinamva timchenga m'mano.

"Achimwene, pano pamamwa amayi oyembekezera. Pamamwa ana a sukulu. Ine sindikudziwa zili m'katimu."

"Ndi tiyi."

"Tiyi ndimamudziwa, ndimamugula m'paketi, ndimaona masamba ake. Uyu wasinja ndani? Wasinjira pati?"

"Ndiye ukuti ndikufuna kupha anthu?"

"Ndikuti sindithira. Ndiponso inu bwererani kuchipatala. Taonani khosi lanulo."

Chibadwire ankanditchula kuti iwe. Tsiku limenelo anatolera timapepala tawo kamodzikamodzi, n'kunena mwaulemu wozizira, "Chabwino, mayi. Pepani takuvutitsani pamalo panu." Anachotsa kapu yawo pamsomali, n'kuimangirira padengu, n'kukankha njinga.

Chilimwe chonse sanapondenso pakhomo panga. Ndinkawaona akudutsa mbali ina ya msewu, nkhope atalozetsa kutsogolo, mapewa atasongoka m'malaya. Ndinawatsatapo kumsika ndi mbale ya mandasi opanda shuga amene ndinawakazingira iwo okha. Anathokoza, n'kuwapereka kwa mayi wogulitsa tomato pafupi nawo. Alamu ankabwera mobisa. Anandiuza kuti mtima wa achimwene umagunda mpaka malaya kugwedezeka, manja amanjenjemera pomanga dengu, zikhatho zayera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Mapiritsi otsala anawaponya m'chimbudzi. Alamu akayankhula, iwo ankati kuonda ndi matenda akutuluka.

Mvula itayandikira achimwene anasamukira kumunda ku Ngauma monga ankachitira chaka chilichonse. Kumeneko n'kumene phazi linayambira. Chopondera cha njinga yawo chinali chitathyoka kalekale, kutsala kachitsulo kokha, ndipo iwo ankapalasa ndi patapata. Kachitsuloko kanaboola patapata, kenako kanaboola phazi, iwo osamva kanthu. Anadziwa alamu ataona magazi ouma pa patapatayo. Mapazi awo anali atafa dzanzi kwa miyezi, koma sanauzeko munthu. Balalo ankalitsuka ndi tiyi wawo wakuda uja, n'kuwazapo ufa, n'kumanga kansanza, n'kulowa m'matope kukapalira chimanga.

Foni ya alamu inandipeza m'mawa ndikukoleza mbaula. Anayamba m'Chinyanja, koma mawu atawathera anapitiriza m'Chiyao, akulira. Ndinazimitsa moto n'kukwera njinga yamoto. Msewu unali woterera, ndipo pamitsinje ina tinkatsika n'kumakankha.

Fungo ndinalimva ndisanalowe pabwalo. Anali atagona pamkeka pakhonde, mwendo atautsamiritsa pamtondo, ntchentche zili ng'waa pansanza. Botolo lawo linali pambali. Atandiona anayesa kudzuka, koma analephera.

"Wabwera kudzandiseka?"

"Ndabwera kudzakutengani."

Ndinamasula nsanza ija. Zala ziwiri zinali zitada ngati makala, ndipo pansi pa phazi panali dzenje loti chala changa chikanalowa chonse. Iwo sanayang'ane. Ankayang'ana munda.

"Chimanga chikufuna kubandira," anatero.

"Abandira ena."

Sanakanenso. Amuna a pamudzi anamangirira mpando panjinga yawo yomweyo, n'kuwakhazikapo, n'kuwakankha mpaka kumsewu waukulu. Kuchipatala cha kuno ku Mandimba anangotsegula bala, n'kuwaika madzi a m'botolo pamkono, n'kunena kuti izi n'za kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba. Tinapita pa ambulansi, ine ndi alamu titakhala pansi, titagwira machira kuti asagubuduke.

Amene anatilandira kumeneko anali dokotala wamkazi, wachitsikana ndithu, amene onse ankamutchula kuti dotora. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, ine Chipwitikizi pang'ono, ndipo tinkakumana pakati. Atawayeza anandiitanira pakhonde. Ndinatulutsa kapepala ka ufa kamene ndinatola pamkeka paja, n'kumufotokozera zonse, ndi dzina lachilendo lija lomwe. Ndinkafuna anene kuti zonse zinali bodza, kuti ndikhale ndi wina womukwiyira. Sanatero.

"Dzinalo lilipodi, mayi. M'masamba a tiyi muli zinthu zimene ofufuza amazisefa ndi makina. Ataziyesa pa makoswe oweta zinaoneka kuti zikhoza kuchedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndipo ena akuganiza zoti mwina n'kumazisakaniza m'zakudya. Koma sanafike potiuza kuti munthu wodwala amwe zochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Ndipo palibe ananena kuti zilowe m'malo mwa mankhwala."

Anagwedeza kapepalako, n'kukayang'ana padzuwa.

"Koma ichi sindingakuuzeni kuti n'chiyani. Akhoza kukhala masamba osinja. Ukhoza kukhala ufa wa chinangwa wopaka mtundu. Palibe cholembedwa, palibe wopanga."

Anawonjezera kuti achimwene magazi awathera kwambiri, ndipo tiyi wowirira chotero, womwa tsiku lonse m'malo mwa chakudya, amalepheretsa thupi kutenga zopangira magazi. Kenako ananena chimene anandiitanira. Phazi linali litafa. Kuti munthu atsale, mwendo unayenera kudulidwa m'munsi mwa bondo, ndipo mwamsanga.

Achimwene atamva anatembenukira kukhoma.

"Njinga ndidzapalasa ndi chiyani?"

Dotora anawafotokozera modekha, kawiri konse. Alamu anagwada pambali pa bedi. Ine ndinawakalipira, kenako ndinawachonderera. Iwo anati mwendo ndi wawo, anabwera nawo, abwerera nawo. Popanda chilolezo chawo panalibe choti achipatala achite koma kutsuka bala ndi kuwabaya jakisoni.

Masiku otsatirawo tinkagona kumalo a odikirira odwala, n'kumaphika pamafuwa pamodzi ndi amayi a Chimakuwa amene sitinkamvana nawo chilankhulo koma tinkabwerekana mchere. M'mawa uliwonse namwino akamasula bandeji ndinkaona kuti kuda kuja kwakwera. Kunadutsa chidendene, kunadutsa kakolo. Thupi linatentha, ndipo anayamba kubwebweta dzuwa likuswa mtengo. Ankakangana ndi kapitawo wa kumunda wa tiyi uja wa zaka zakale, amene ankawabwezera dengu ati masamba ndi okhwima. "Ndathyola nsonga zokhazokha, bwana," ankatero, "kunyumba kuli mwana, sanadye." Mwana ameneyo ndinali ine. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi.

Tsiku lina m'mawa kutentha kunatsikako, ndipo anatizindikira. Alamu anawapukuta kumaso, n'kuwayankhula m'Chiyao chapansipansi. Sindinamve zonse. Ndinangomva akutchula ana awo mmodzimmodzi, ndi kuti iwo sanakonzeke kuvala nsalu ya umasiye chifukwa cha mwendo. Kenako achimwene anandiyang'ana.

"Kaitane dotora, chemwali."

Pofika nthawi imeneyo bondo linali litalowa kale m'matenda. Anadula pantchafu.

Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kwanga, chifukwa kumudzi kulibe poyezera shuga pafupi. Mapiritsi okha sanalinso okwanira. Anawalembera jakisoni wa tsiku ndi tsiku. Popeza magetsi kuno amapita osatsanzika, tinkasunga kabotolo ka mankhwalawo mumtsuko wa mchenga wonyowa, pakona yozizira ya nyumba. Ndinaphunzira kutsina khungu la pamimba pawo n'kubaya. Iwo ankayang'ana kudenga. Alamu anatenga malonda a nsomba, n'kumayenda pa shapa, timabasi tathu todzaza mpaka pakhomo, ndipo phindu lambiri linkathera panjira. Ndodo zoyendera zinabwera, koma mikono inalibe mphamvu, ndipo maso anali atayamba kuchita chifunga. Ankakhala pampando kuseri kwa nyumba, kumene makasitomala sakanawaona, chitenje atafunda m'chiuno.

Za ufa uja sitinakambiranepo. Ine sindinayambitse, iwonso sanayambitse. Wogulitsa uja anali atasowa pamsika. Ena ankati anamuona ku Lichinga, ena ankati anawoloka malire.

Tsiku lina masana kunafika bambo wina wachikulire wochokera cha ku Massangulo, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Anali mmodzi wa ogula nsomba akale a achimwene. Anafunsira njira mpaka anatipeza. Ndinamulowetsa kuseri, ndipo atapatsana moni wautali ananena chimene anadzera.

"Mankhwala a tiyi aja munandiuza, bambo, atha. Akazi anga ndi amene akumwa. Mapiritsi anasiya monga munanenera. Ndiye ndimati mwina inu mukudziwa kumene ndingawapeze."

Ndinaima pakhomo ndi ketulo m'manja. Achimwene anamufunsa:

"Akazi anu akupeza bwanji?"

"Ludzu ndiye lachuluka. Koma munati poyamba zimatero."

"Ndinatero."

Kenako anagwira chitenje chija n'kuchichotsa, n'kuchiponya pansi. Chibwerereni ku Cuamba anali asanaonetsepo munthu wakunja chitsa cha mwendo wawo. Bambo uja anayang'ana, n'kuvula chipewa.

"Musagone kuno," anatero achimwene. "Mukawatenge mawa lomwe, mupite nawo kuchipatala. Mukawavule nsapato, awaone mapazi. Ndipo kulikonse kumene mukudziwa kuti ndinalankhulako, mukanene kuti munandiona."

Mlendoyo atapita, achimwene anandipempha kuti ndiwatolere chitenje. Ndikuwafunditsa ndinaona kuti nkhope yawo yanyowa. Anafunsa ngati ndikukumbukira mayina a midzi ya kunjira ya kunyanja. Anayamba kuitchula okha, umodzi ndi umodzi, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga kumene anafikitsa mawu awo. Mlungu umenewo anatuma alamu kuti kulikonse kumene atsitse dengu azinena. Ena anamva. Ena anauza alamu kuti achimwene anangolodzedwa ndi anzawo a malonda, ufawo ulibe mlandu. Za mayi wa ku Massangulo uja sitinamvenso.

Anakhala nafe mvula ina yonse. Kutayamba kutentha, nkhope ndi mwendo wotsala zinayamba kutupa, mkodzo n'kuchepa. Kuchipatala anatiuza kuti impso zatopa, ndipo makina othandiza zimenezo ali kutali kumene ife sitikanafika. Anatipatsa mankhwala ochepetsa kutupa n'kutiuza kuti tiziwasamalira kunyumba. Anasiya kudya. Ankangopempha madzi, pang'ono pokha, onyowetsa milomo.

Anamwalira masana a tsiku la msika, pakhonde pali anthu. Ndinali kuthirira tiyi madalaivala awiri a malole, ndipo alamu, amene tsikulo sanapite kunyanja, anatulukira pakhomo n'kundiyang'ana. Ndinaika ketulo pansi. Mmodzi wa madalaivalawo anaona nkhope zathu, n'kuuza mnzake, ndipo onse ananyamuka mwakachetechete, pau wawo atamusiya m'mbale.

Tinakawaika ku Ngauma. Kumaliro kunabwera akhristu a kwathu ndi asilamu a kwawo kwa alamu, ndipo anakhala pabwalo limodzi, aliyense kupemphera mwa njira yake. Bokosi linali lopepuka moti onyamula anayang'anizana. Miyambo itatha, abale a alamu anawatenga pamodzi ndi ana kubwerera kunyanja. Tsopano alamu amayanika nsomba za anthu ena pa thandala, ndipo timaonana mwa apo ndi apo.

Chaka chathachi ndinayamba kumva kuyabwa ndi kutopa kosadziwika, ndipo kabala kakang'ono kamene ndinapsa ndi mafuta a mandasi kanakana kupola. Sindinadikire. Namwino anandibaya pachala, n'kuyang'ana kamakina, n'kundifunsa ngati m'banja mwathu muli wina amene anadwalapo shuga. Ndinati alipo. Mapiritsi ake ndi omwe aja, akuluakulu oyera, ndipo m'mimba amatsegulamodi. Milungu yoyamba ndinkasiya makasitomala pakhonde n'kuthamangira kuseri. Ndinabwerera kukanena, anandiuza kuti ndizimwera pakati pa chakudya, ndipo pang'onopang'ono zinachepa. Tsiku langa la kuchipatala likafika ndimatseka malonda, n'kukakhala pabenchi ndi anzanga a matendawa. Timachuluka mwezi ndi mwezi. Pamzerepo pamakhala nkhani zambiri za mizu, makungwa ndi maufa atsopano amene afika pamsika, ndipo ena amatulutsa m'thumba n'kumaonetsana, uku tikudikira kuitanidwa.